Masamba Amene Ndinaika Pamsewu

Yamikani, unandifunsa uli Sitandade 6, ndipo pa Khirisimasi yapitayi wandifunsanso uli ndi ndevu zako: "Ababa, mumati munagwira ntchito ya pa TV zaka zinayi, nanga bwanji sitinamvepo mawu anu ngakhale tsiku limodzi?" Maulendo onse awiri ndinakuzazira. Tsopano adokotala andiletsa kuzaza chifukwa cha BP, ndiye chatsala n'kulemba. Uwerenge, umuwerengerenso mlongo wako Tiyese, ndipo musadzandifunsenso. Za ubwana wanga ndadumpha. Ndinaweta mbuzi ngati wina aliyense.

Ntchisi: kuyambira chaka chimene ndinalemba Fomu 4 mpaka kubadwa kwa Tiyese

Ntchito yanga yoyamba inali ku bungwe lina la zaumoyo pa Ntchisi boma, m'gulu la zisudzo. Tinkayenda m'midzi ndi ng'oma imodzi ndi pikapu yokalamba, n'kumaphunzitsa anthu za zimbudzi, za maneti a udzudzu ndi za sikelo ya ana kudzera m'masewero. Bwana wathu anali Mayi Gondwe, mayi wamfupi wosaseka, amene anandilemba chifukwa ndinali ndi msana wonyamulira ng'oma komanso mawu otha kukhazika pansi anthu a pamsika. Ine ndinkayesa kuti ndalembedwa ngati wosewera. Mwezi wachitatu ndinawafunsa kuti mbali yanga ibwera liti, iwo n'kundiyang'anira pamwamba pa magalasi. "Fanuel, iwe ukangotsegula pakamwa ana amathawa, akuluakulu amayesa kwabuka ndewu. Ukhala wodwala. Uzingobuula." Ndinabuula zaka zisanu ndi zinayi. Ndadwala kolera pa bwalo la mpira, ndadwala malungo pansi pa mtengo wa mango, ndanyamulidwa pa machira m'midzi yonse ya m'mapiri muja, koma mawu ngakhale amodzi ayi. Mafuta akasowa tinkayenda pansi, ng'oma ili kumsana kwanga, ndipo pofika pabwalo ndinkabuula zenizeni.

Komweko ndinakumana ndi Layitoni Mbewe. Anali wowonda ngati nsungwi, makutu otambalala, ndipo ankatha kugwetsa bwalo lonse ndi phwete pongokhala pampando n'kuyang'ana nsapato yake. Ndinkamuchitira nsanje ndipo sindinkabisa. Tsiku lina dzinja, pikapu itatitimira m'matope tikukankha, ndinamuuza kuti luso lake lonse lili m'makutumo basi. Iye anati, "Zoona achimwene, ndiye bwerekani limodzi, mubweze Lolemba." Ndinalephera kumumenya chifukwa ndinali kuseka. Kuyambira tsikulo anali mnzanga, mwina yekhayo amene anatha kundipirira. Anakwatira Nachisale wa m'mudzi wina kufupi ndi Chisepo n'kukakhala chikamwini kwa mkaziyo. Opereka thandizo atatembenukira kwina bungwe linatseka, Mayi Gondwe anandigwira chanza koyamba, ndipo ine ndinabwerera ku Dowa kukalima.

Dowa: zaka zinayi za Akumbuyo

Iwe Yamikani uli Sitandade 3, Layitoni anandiimbira foni. Mnyamata wina wa ku Lilongwe, Kelvini, anali ndi makamera awiri ndi mpata pa TV ina, ndipo ankafuna kujambula sewero lanthabwala lotchedwa Akumbuyo. Linkanena za osewera osauka amene amaima kumbuyo m'mafilimu a anzawo, akudikira kuti mwina tsiku lina awonekera. M'gawo lililonse munkabwera munthu mmodzi wotchuka, n'kusewera ngati iye mwini, osaukawo n'kumamuzungulira ngati ntchentche pa mango. Layitoni anali mkulu wa osaukawo. Kelvini anasankha kujambulira kuno chifukwa mapiri amaoneka bwino pa kamera ndipo nyumba za anthu sizinkavuta kubwereka. Ankafuna munthu wodziwa midzi. Ndiye ine.

Ntchito yanga inali kupeza nyumba, kugwira mtengo wautali wa maikolofoni pamwamba pa mitu ya anthu, kukapempha wachigayo kuti azime kaye, ndi kuthamangitsa atambala. Anthu akachepa ndinkaimanso kumbuyo. Mudandiona kangapo, khutu ndi phewa, amayi anu n'kumaloza pa TV ya kwa aneba. Taganizani: sewero la anthu osapatsidwa mawu, ndipo mkati mwake inenso osapatsidwa mawu. Kelvini ankanditcha "madala" ngakhale ndinali ndisanamere imvi, ine ndinkamutcha "bwana" pokhapokha ndikakwiya, ndiye ankamva dzinali pafupifupi tsiku lililonse.

Anthu amayesa ntchito ya pa TV ndi yosangalatsa. Ndi kudikira. Kudikira wotchuka amene wati afika mmawa n'kufika dzuwa litapendeka, kudikira mabatire, kudikira mtambo uchoke. Wampira wina anatitengera masana onse pa mawu awiri okha, chifukwa akangoona kamera ankaibayibitsa. Mlaliki wina wa pa TV anakana kusewera mpaka timulembere poti achiritse munthu, ndipo wochiritsidwayo mukumudziwa kale. Mayi wina wa pa wailesi anakana kukhala pamphasa mpaka anayalirapo nyuzipepala. Onsewa ankabwera tsiku limodzi, n'kudya nkhuku, n'kupita. Ife tinkatsala kukolowola zingwe m'matope.

Koma panali chinthu chimodzi chimene ndinkachita bwino, ndipo ndikufuna muchidziwe musanamve choipacho. Tisanajambule m'mudzi uliwonse, ndinkapita kutchalitchi Lamulungu n'kupereka kakalata kwa mlembi wa mpingo kuti alengeze pa zidziwitso: tsiku lakutilakuti kubwera a TV, mukamva phokoso musadabwe. Zikalengezedwa pamenepo, pofika madzulo ndiye kuti mapiri onse amva. Zaka zitatu ndi theka sindinaphonyepo.

Febuluwale wa chaka chachinayi

Gawo limenelo linali la maliro. M'nkhanimo, osewera osauka aja alembedwa ganyu yolira maliro onamizira mu vidiyo ya woimba wina, Layitoni n'kupatsidwa mbali ya mtembo. Wotchuka wake anali woimba weniweni. Dzina sinditchula, koma nthawi imeneyo nyimbo zake zinkalira m'minibasi iliyonse. Tinapangana kujambula pakatha masabata awiri. Kenaka Lachiwiri masana foni inalira: mkuluyo akupita kunja, mpata ndi mawa lokha, kuyambira mmawa mpaka 12 koloko. Pakati pa Lachiwiri ndi Lachitatu palibe Lamulungu.

Layitoni anati tijambulire kwake. "Nyumba ili yokha, mayi aja ali kuchipatala." Ndinkadziwa. Nachisale anali atagonekedwa masabata atatu ku chipatala cha mishoni ku Mtengowanthenga, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti matendawo si a masewera. Munthu wamutu wake akanaima pomwepo. Koma Kelvini anandiitanira pambali pa galimoto. Wosewera wina wa ku Lilongwe sakanatha kufika, ndipo anali ndi mzere umodzi. M'nkhanimo woimbayo amafika mochedwa pa njinga, osatsika podutsa pamaliro, ndiye munthu wa m'mudzi amamukalipira.

"Mawu awa ndi aukali, madala," anatero Kelvini. "Ndi anu awa."

Ndinalandira pepalalo. Panalembedwa kuti: "Tsikani panjinga, achimwene, pano pali zovuta."

Zaka khumi ndi zitatu ndikudikira, ndipo mawu ake anali asanu ndi amodzi okha. Madzulo amenewo ndinauza mabanja anayi oyandikana ndi nyumba ya Layitoni za sewerolo. Kutsidya kwa mtsinje, kumene kunkakhala apongozi ake ndi mbumba yonse ya Nachisale, sindinapiteko. Ndinadziuza kuti mtsinje wadzaza. Zoona zake n'zakuti ndinali kuyenda uku ndi uku kuseri kwa chigafa cha fodya, ndikuyeserera mawu anga, mokweza, motsitsa, ndi dzanja, popanda dzanja.

Lachitatu lake

Bokosi tinabwereka kwa kalipentala wa pa Chisepo, ndipo linadutsa pamsika pa pikapu yosaphimba anthu akuona. Tinaliika m'nyumba, Layitoni anapakidwa ufa kumaso n'kugonamo, akudandaula kuti ndi lalifupi. Azimayi athu a m'sewero asanu ndi mmodzi anakhala pakhonde atafunda zitenje. Kelvini anasuzumira mu kamera n'kupukusa mutu.

"Sizikuoneka ngati maliro. Zikuoneka ngati ukwati wopanda chakudya."

"Nanga maliro opanda masamba pamsewu munawaona kuti, bwana?" ndinatero. "Kwanu ku Lilongweko?"

Palibe anandituma. Ndinatenga chikwanje ndekha, n'kudula nthambi zaziwisi, n'kuziyala modutsa msewu, mzere wina kumtunda, wina kumunsi, monga timachitira kuti wodutsa adziwe kuti pamudzi pagwa zovuta, wanjinga atsike, wachipewa avule. Ndinayala bwino kwambiri. Kelvini anawomba m'manja. Kenaka anauza azimayi aja kuti ayambe kulira, ndipo analira monga amalirira azimayi amene analirapo zenizeni. M'mapiri muja mawu amayenda.

Inali nthawi yothyola fodya, anthu onse ali m'minda ndi m'zigafa. Woyamba kufika anali mkulu wina pa njinga. Anafika pa masamba anga, anatsika, anavula chipewa, n'kukakhala pansi pa mtengo. Sanali wathu. Ndinamuona ndipo ndinadziwa nthawi yomweyo chimene chachitika. Ndikulemba izi poyera kuti musadzamve kwa wina: ndinadziwa. Kunabwera ena awiri, kenaka azimayi akumanga maduku akuyenda, manja akadali akuda ndi utomoni wa fodya. Kelvini anandinong'oneza, "Madala, anthu awa mwawapeza kuti? Ndinu mfiti inu!" Ndinkati mumtima, tingojambula kamodzi, ndinene mawu anga, kenaka ndiwafotokozera.

Woimba uja anakwera njinga kumtunda, magalasi akuda kumaso. Kelvini anakuwa kuti tiyambe. Mkuluyo anatsetsereka bwinobwino, koma atafika pa masamba anagwira mabuleki n'kutsika.

"Bigi, simukuyenera kutsika!" anatero Kelvini. "Nthabwala yake ili pomwepo!"

"Ndikudziwa, aise. Miyendo yangotsika yokha. Inenso ndinabadwira kumudzi."

Kachiwiri batire linatha ali pakati pa mtsetse. Posintha batirelo anthu anali atadzaza pabwalo, ndipo kulira kwa pakhonde sikunalinso kwa azimayi athu okha. Kachitatu njinga inayamba kutsika, ine nditaima pamalo panga, mpweya ndakoka kale. Pamenepo kunamveka mawu ena kuchokera kumtsinje, osiyana ndi onse aja.

Anali apongozi a Layitoni, mayi ake a Nachisale, mayi wokalamba wa msana wopindika. Anali atawoloka mtsinje umene ine ndinati sungawolokeke. Chitenje chinali chonyowa mpaka m'chiuno, kumutu kopanda duku, azimayi awiri atawagwira m'mikono. Ankaitana mwana wawo ndi dzina la paubwana. "Esinati ine! Esinati, wabwera m'bokosi osanditsanzika, mayo!"

Ndinathamangira kwa Kelvini. "Zimitsani. Awo ndi mayi ake a mwini nyumba. Akuyesa mwana wawo wafa."

Anali atatembenuzira kale kamera imodzi kwa mayiwo. Sanachotse diso. "Mphindi imodzi yokha, madala. Bwererani pamalo panu, njinga ikufika. Nenani mawu anu, tipepesa pambuyo. Mpata wina simudzaupeza."

Ankanena zoona, ndipo ndinaima. Ndikanakonda kulemba kuti sindinaime, koma ndinaima, ndikuyang'ana njinga ikubwera, mawu ali pa lilime. Kenaka ndinapezeka ndili pamsewu ndikukoka nthambi zija n'kumaziponya m'chimanga, ndikukuwa ndi mawu onse amene Mayi Gondwe ankawaopa aja: "Kulibe maliro! Nachisale ali moyo! Ndi sewero ili! Ndi sewero!"

Ndinachedwa. Mayiwo anali atalowa kale m'nyumba n'kudzigwetsa pa bokosi. Layitoni, atamva mawu a apongozi ake pamwamba pake, anadzuka. Mukudziwa kuti mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake aakazi, akakumana panjira amapatukira patchire. Tsiku limenelo anayang'anizana maso ndi maso, iye atakhala tsonga m'bokosi la maliro, ufa uli kumaso, m'nyumba ya mwana wawo wodwala.

Palibe anaseka. Patapita nthawi mayiwo anatuluka okha, osagwiridwa, n'kuyankhula kwa mwana wawo wamwamuna, osati kwa ife: "Uwafunse alendowa ngati amaliza. Ndikufuna ndisese m'nyumba mwa mwana wanga." Anthu ananyamuka mmodzimmodzi kubwerera ku fodya amene anamusiya padzuwa. Woimba uja anavula magalasi, anati, "Ine ndinanena kuti miyendo ikukana," n'kulowa m'galimoto mwake.

Tikulongedza, ndinamva Kelvini akuuza wa kamera mnzake kuti zimene ajambulazo n'zamphamvu, angodula pang'ono. Ndinamupempha kuti andionetse kakhadi kosungira zithunzi ka mu kamera. Anandipatsa akuyesa ndikufuna kuyamikira. Ndinapempha kenanso. Ndinayenda mpaka kumtsinje n'kuponya timakhadi tonse tiwiri pamene pali mkokomo. Zimene tinauzana pambuyo pake sindingazilembe m'buku limene mlongo wako adzawerenga. Ntchito inathera pomwepo. Ndinakwera kabaza kubwerera kunyumba.

Loweruka ndinapita ku Mtengowanthenga kukapepesa. Nachisale anali atamva kale, ndipo anamva moipa: wachibale wina anaimbira foni mng'ono wa Nachisale amene ankamudwazika, kufunsa kuti mtembo wanyamuka bwanji osatiuza, ndipo foniyo anayankha ndi Nachisale mwini wake. Ndinakhala pa benchi pambali pa bedi. Iye anali atatheratu, koma anamwetulira.

"Alamu, ndamva kuti kunabwera anthu ambiri."

"Ambiri, mlamu."

"Ndi a kutsidya omwe?"

"Onse."

"Bola ndadziwiratu," anatero. "Ena amapita osadziwa."

Julaye wa chaka chomwecho

Nachisale anamwalira nthawi yozizira, fodya atagulitsidwa kale. Layitoni anandiimbira mmamawa ndipo ndinafika dzuwa litakwera pang'ono. Masamba anali atayalidwa pamsewu, malo omwe aja, kumtunda ndi kumunsi. Azimayi ankalira m'nyumba. Koma pansi pa mtengo panali amuna owerengeka, achibale okhaokha. Ndili chiimire, mnyamata wa kabaza anadutsa pa masambawo osatsika, wokwera wake akuseka. Kenaka ngolo. Kenaka azimayi atatu opita kuchigayo, ndipo ndinamva mmodzi akuti, "A TV aja ayambanso."

Sindinalowe pabwalo. Ndinakaima pamsewu, pamalo pomwe Kelvini anandiimika paja. Njinga yotsatira itafika ndinagwira chiwongolero.

"Tsikani panjinga, achimwene, pano pali zovuta."

Munthuyo anandiyang'ana, n'kuyang'ana uku ndi uku kufunafuna kamera. "Za sewero zija?"

"Ayi. Nachisale watisiya usiku wapitawu. Pitani mukauze a kwanu."

Anatsika, n'kuvula chipewa.

Ndinawanena mawu amenewo kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka, kwa wanjinga aliyense, wangolo, wa njinga yamoto, ngakhale woyenda pansi. Ena ankanditukwana kaye, ndipo tsiku limenelo sindinabweze. Pofika masana pabwalo panayamba kuda ndi anthu, ndipo mawa lake poika maliro a kutsidya anabwera onse. Miyambo itatha Layitoni anabwerera kwawo ku Ntchisi, ndipo sanasewerenso. Akumbuyo anapitirira chaka china ndi anthu ena. Ine ndinakalowa ntchito yoyang'anira nyumba yosungira mbewu ya kalabu ya alimi, mpaka BP inandikhazika pansi chaka chathachi.

Ndiye mawu anga a pa TV ndi amenewo, Yamikani. Anali asanu ndi amodzi, ndipo simunawamve chifukwa tsiku limene ndinawanena kunalibe kamera. Chakumadzulo kwa tsikulo, mawu atasasa moti ndinkangoloza masamba ndi dzanja, mayi wina anabwera kuchokera ku nyumba ya siwa ndi kapu ya madzi. Ndinafunsa kuti wamutuma ndani. Anati mayi ake a malemu. Apongozi a Layitoniwo sanatchule dzina langa, ndipo mpaka anamwalira sanandilankhulepo. Anangomuuza mayiyo kuti, "Kawapatseni madzi a pamsewuwo. Mawu awathera."